Musamukhudze

"Za mbalezo ndaziona, bambo a Ati, ndipo sindinanene kanthu. Pano ndikufunsa za mwana wanga. Ali kuti?"

Binwell sanadzutse mutu. Anakhala pakhonde ukonde uli pamiyendo, zala zikuyendayenda ngati zikufuna pong'ambika, koma mkazi wake Constance ankaona kuti zikungobwerera pamalo amodzimodzi, pomwe panalibe bowo.

"Ali kwa amayi. Akumwa phala."

"M'nyumba muno phala mulibe? Ndaphika ine, lachita kuzizira mumphika."

"Usakuze nkhani, Constance. Kwa amayi ndi apa. Utaponya chitsononkho chikagwera pakhomo pawo."

"Ngati ndi pafupi, bwanji Atikonda sakubwera kudzagona kuno? Bwanji ndikamuitana amayi akumulowetsa m'nyumba?"

Mawuwo anamveka kutsidya kwa bwalo. Chitseko cha nyumba inayo chinatseguka, ndipo apongozi ake, aNachisale, anatuluka akumanga chitenje. Anabwera pang'onopang'ono n'kuima pafupi ndi nkhokwe. Chigwereni Constance padooko sabata yapitayo, akuchapa zovala, mayiwo anali asanapondenso pakhonde la mwana wawo.

"Mayi a Ati, phokoso m'mawa uno? Mwana ali bwinobwino, wadya. Ine sindinabe mwana wa munthu. Ndi mdzukulu wanga."

"Sindinati mwaba, amayi. Ndikungofuna ndimusambitse, ndimuluke tsitsi. Mawa ndi kutchalitchi."

"Ndimusambitsa ndine. Inu mukudwala, muzipuma."

"Sindikudwala. Ndinagwa, ndinadzuka."

"Munagwa ngati munthu wopunthwa pamwala? Tisanamizane, ndife akuluakulu. Munaphupha, thovu linatuluka, padooko ponse anaona. Amenewo ndi matenda a khunyu, ndipo aliyense akudziwa mmene amayendera. Malovu, thukuta, mpweya. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Ine mwana wamwamuna ndili naye mmodzi, mdzukulunso mmodzi. Mukufuna nditaye onse?"

Constance anafuna kuyankha, koma mayiwo anali asanamalize.

"Chinanso, kwanu ku Magaleta ankadziwa. Amalume anu aja anakhala pamphasa pabwalo pano n'kumatiuza kuti mwana wathu ndi wolimba, amalima, amalemekeza. Za kugwa sanatchuleko."

"Ndinagwapo ndili kamwana, malungo atandigwira, ndisanayambe n'sukulu yomwe. Chichokereni apo sizinabwerenso. Ineyo ndinali nditaiwala."

"Inu munaiwala, matendawo sanaiwale."

Constance anayang'ana mwamuna wake. Ankadikira mawu amodzi okha, ngakhale aang'ono. Binwell anakanda kukhosi.

"Palibe akukuthamangitsa. Tingodikira kaye tione mmene zikhalire. Kusamala si kudana."

"Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, bambo a Ati. Tsiku lija pamaso pa abusa munati pa mtendere ndi pa mavuto pomwe. Mavuto ake ndi amenewa."

"Za abusa zisiyeni," anatero aNachisale. "Abusawo akudya nanu mbale imodzi?"

Binwell ananyamuka, kukoleka ukonde paphewa, n'kutsetserekera ku Shire ngakhale sinali nthawi yake yopita kumadzi. Mayi ake anabwerera kwawo. Constance anatsala pakhonde. Pathandala, kumapeto kwenikweni, panali mbale imodzi ndi kapu imodzi zomwe wina anazidonthezera penti wabuluu wotsala popaka chitseko. Ziwiya zina zonse zinali zitasamukira kwa apongozi.

Ku Matope tsiku limayambira kumadzi. Asodzi akamakocheza mabwato m'mawa, padooko pamadzaza ogula nsomba, azimayi ochapa, ndi ena ongobwera kudzamva nkhani. Constance ankaikonda nthawi imeneyo kuposa ina iliyonse. Anakulira kumapiri, ndipo atangobwera kumene ankaopa ngakhale kuponda m'bwato, koma anazolowera fungo la nsomba zaziwisi, mikangano ya mitengo ndi nthabwala za asodzi. Beseni lake la zitumbuwa linkatha dzuwa lisanayambe kuluma.

Lolemba anakazinga monga mwa masiku onse, nthochi zakupsa bwino ndi ufa wa mgaiwa, n'kukakhala pamwala wake. Anthu ankamupatsa moni, koma akuyenda. Malizani, mnzake wa Binwell amene sankadutsa osagula, anafika pafupi, napisa dzanja m'thumba, kenako analitulutsa lopanda kanthu.

"Lero ndadya kale, alamu."

"Palibe kanthu, alamu."

Dzuwa litafika pamutu anasenza beseni lili chidzazire. Zina anafumbutulira nkhuku, zina anadya yekha mpaka kukhosi kunauma. Sanakazingenso.

Kumjigo azimayi ankamupatsa mpata kuti atunge woyamba. Tsiku loyamba anathokoza, poganiza kuti akumumvera chisoni. Atasenza ndowa n'kucheuka, anawaona akukwecha chogwirira cha mjigo ndi mchenga. Kutchalitchi, benchi ya kwaya yomwe ankapanikizanapo mpaka kutulutsana thukuta inakhala ndi malo okwana munthu mbali iyi ndi mbali iyo. Anaimba nyimbo yoyamba, yachiwiri anangoyendetsa milomo.

Koma nthawi yopweteka kwambiri inali ya chakumadzulo. Kuseli kwa nyumba yawo kunali mtengo wa bwemba, ndipo Binwell akaweruka ankayala mphasa pamenepo, kutsegula wailesi, Constance n'kubweretsa tiyi ndi mbatata yootcha. Atikonda, wa zaka zitatu, ankakhala pakati pawo akuuzira kapu ya bambo ake, n'kumafunsa ngati mvuu zimamwanso tiyi. Panalibe chachilendo, anali madzulo wamba a anthu osauka, ndipo Constance sankadziwa n'komwe kuti amawawerengera. Tsopano Binwell ankadya kwa mayi ake, n'kumagona pabalaza pamphasa yakeyake. Wailesi inapita nawo. Constance ankayalabe mphasa pansi pa bwemba, kuthira tiyi mu kapu yake ya kadontho, n'kumamvera mkokomo wa Shire pamiyala. Nthawi zina ankapezeka akuyankhula ndi nkhuku.

Mwana wake ankamuona tsiku lililonse, kutsidya kwa bwalo. Agogo ake anamumeta tsitsi lonse, akuti kuluka n'kotaya nthawi. Atikonda akamuona ankakweza dzanja.

"Amama, bwerani mudzaone mphika wanga."

"Ndikuuona, mwanawe. Waphikamo chiyani?"

Asanayankhe, aNachisale ankamuitana kuti adzalandire chiponde.

Sabata yachiwiri ili mkati, kunamveka odi. Anali Hadija, mkazi wa a Shafik a golosale ya pamphambano. Ndi iye amene tsiku lija anataya ndowa yake n'kumukoka Constance m'madzi pamene azimayi ena onse ankathawa. Anali atapita kumaliro kwawo, ndipo anali atangobwerako dzulo lake. Anakwera pakhonde osadikira kuuzidwa, nakhala pansi n'kutambasula miyendo.

"Mwasowa, achemwali. Sopo munasiya kugula, kapena mwapeza golosale ina?"

"Ndimaopa kukuthamangitsirani ogula."

"Ogula anga ndi a ngongole okhaokha, muwathamangitse ndithu. Tandipatseni madzi, kwatentha."

Constance anapita pathandala n'kuima.

"Kapu ndi imodzi yokha, ndiye ndi yanga. Dikirani ndikapemphe ina kwa amayi."

"Yanuyo ndi yobooka?"

Hadija ananyamuka, kutenga kapuyo, kutunga mumtsuko, n'kumwa atayang'ana kunyumba ya aNachisale. Anatunganso kachiwiri.

"Mchimwene wanga Jafali amagwa chiyambire ali mnyamata," anatero akukhalanso pansi. "Tinakula tikudya mbale imodzi, kufunda bulangeti limodzi. Ine ndili pano, ana anga palibe anagwapo. Iyeyo akusoka zovala ku Zalewa, ali ndi mkazi, ana, makina akeake. Amangomwa mapiritsi ake tsiku ndi tsiku basi."

"Amayi akuti amayenda m'malovu."

"Tsiku lija thovu lanu linandithira m'manja monse mpaka pachitenje. Mwamva kuti Hadija wagwa? Ngati ndingagwe ndi chifukwa cha kunenepaku."

Constance anaseka. Anadabwa kumva kuseka kwake, chifukwa panali patapita nthawi, ndipo kusekako kunasanduka kulira asanakonzekere. Hadija anamusendera, namuika mutu paphewa pake, n'kumusiya alire mpaka atatopa.

"Mutu umodzi susenza denga, achemwali. Lachinayi tipite kuchipatala. Golosale akhalamo a Shafik, aphunzireko kuyeza mchere."

Anapitadi. Dokotala anamufunsa mafunso ambiri, namugwira pamkono, kumuyang'ana m'maso, n'kumupatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse osadumphitsa. Anati matendawo sapatsirana, kaya m'malovu kaya m'mbale. Anati mankhwala amatenga nthawi kuti akhazikike m'thupi, choncho asamakhale yekha pamoto kapena pamadzi. Anatinso abwere ndi amuna ake adzamve zoyenera kuchita munthu akagwa.

Constance anabwerera kunyumba akuyenda ngati mtsikana. Anamupeza Binwell akutsuka mapazi pabwalo, mayi ake akupeta mpunga pafupi, ndipo anawauza zonse ataima, mapiritsi ali m'manja.

"Ngati sapatsirana," anatero aNachisale osasiya kupeta, "achipatalawo amavaliranji magolovesi?"

"Sanavale, amayi. Anandigwira ndi manja awo."

"Iwowo ali ndi mankhwala awo odziteteza. Ife tili ndi chiyani? Ku Luwani ndinaona ndi maso angawa. Nyumba ina anayamba kugwa ndi mayi, kenako mwana. Amenewonso ndi bodza?"

"Bambo a Ati, akuti mupite mukamve nokha."

"Ndidzapita nsomba zikachepa. Ino ndi nyengo ya milamba, sindingasiye madzi."

"Safunsa anadya phula. Ndi ulendo wa m'mawa umodzi wokha."

"Ndamva, Constance. Ndati ndidzapita."

"Akutinso ndisamakhale pamoto ndekha mpaka mankhwala akhazikike."

"Ndiye usamakhalepo."

"Azindiphikira ndani?"

Binwell anayang'ana mayi ake. ANachisale anauzira mankhusu palichero. Madzulo amenewo Constance anakoleza moto wake monga mwa masiku onse.

Patangopita masiku ochepa Binwell anapha milamba yambiri, yoti sakanatha kugulitsa yaiwisi. Inafunika kuwamba tsiku lomwelo. Msana wa aNachisale sunkawalola kuwerama pang'anjo, ndipo aganyu onse anali atatengedwa ndi asodzi ena. Binwell anabwera pakhonde akusisita m'manja.

"Constance, nsombazi ziwonongeka."

"Ndizigwire ine? Nanga malovu anga?"

"Amayi akuti moto umapha zonse. Ndiponso n'zopita kutauni."

Constance anamva kuwawa kwa mawuwo, koma anangowameza. Kanali koyamba mwamuna wake kumupempha kanthu chiyambireni mavutowo, ndiponso sakanakhala yekha pamoto, mwiniwakeyo akanakhala pomwepo. Anamanga chitenje molimba n'kupita kung'anjo, dzenje la makala lokhala ndi waya pamwamba, pambali pa nkhokwe. Binwell ankatumbula nsomba chapafupi, iye n'kumaziyala pawaya. Wailesi inali pampando ikuimba. Atikonda ankavina pakhonde la agogo ake, mimba patsogolo, ndipo Binwell anaseka nati mwanayu watengera amalume ake a ku Magaleta. Constance anasekanso. Utsi unkamulowa m'maso koma sanasamale. Mumtima anati mwina zinthu zayamba kubwerera m'malo mwake, mwina mawa adzayala mphasa pansi pa bwemba ndipo sadzakhalapo yekha.

Akutembenuza mlamba wina waukulu anamva kafungo kachilendo, ngati ka chitsulo chonyowa, ndipo nyimbo ya pawailesi inapita kutali.

Atatsitsimuka anali chigonere pafumbi, nkhope ili m'dothi. Anaona mapazi a anthu ambiri atamuzungulira, onse ali patali. Mwana ankalira kwinakwake. Kenako anamva dzanja lake lamanzere, ndipo anakuwa mpaka mawu anatha. Anthuwo anapatuka pamene Hadija ankafika akuthamanga, mpango utagwera paphewa.

Dzanjalo linapsa kuyambira kuzala mpaka pafupi ndi chigongono. Anagona kuchipatala masiku angapo. Namwino pomutsuka anapukusa mutu nati chilonda chotere si cha munthu wongogunda moto, dzanjalo linakhalitsa pamakala, ndipo zala zina mwina sizidzawongokanso. Hadija ankamubweretsera chakudya. Binwell anabwera kamodzi ndi phava la nthochi, naima kumiyendo kwa bedi, n'kufunsa ngati akupezako bwino.

Atatuluka m'chipatala, akusamba ndi dzanja limodzi kubafa, anaona mikwingwirima yakuda m'nthiti zakumanja ndi pantchafu. Anaganiza kuti anagwera pamwala, ngakhale pang'anjo paja panalibe mwala. Akuyanika chitenje pachingwe, Atikonda anamuitana ali pakhonde la agogo ake, pomwe ankasewera ndi zitini.

"Amama, bala lapola?"

"Lipola, mwanawe."

"Adadi anakumenyani ndi nkhafi. Ine ndinaona."

Constance anaima chitenje chili m'manja. Anadikira mpaka Binwell atabwera kumadzi, ndipo anamuitana kuseli kwa nyumba.

"Mwana akuti munandimenya ndi nkhafi."

"Sindinakumenye. Ndingakumenyerenji? Ndinkakukankha kuti uchoke pamoto."

"Ndi chopalasira bwato."

"Ndi chimene ndinapeza."

"Manja anu anali kuti?"

Binwell anayang'ana pansi. Anayamba kufukula dothi ndi chala chakuphazi.

"Ndinathamanga, Constance, Mulungu ndi mboni. Ndinali nditafika. Amayi anandigwira malaya, akukuwa kuti usamukhudze, thovu latuluka, ukamukhudza watenga. Anthu ena aja nawonso, musamukhudze, musamukhudze. Mutu unangoima."

"Nkhafiyo inali pati?"

"Kuseli kuno. Ndinaitsamiritsa pabwemba."

Constance anayang'ana mtengowo. Anayang'ana pakona ya nyumba, nayeza ndi maso njira yozungulira mpaka kunkhokwe, n'kubwereranso.

"Ndiye munachoka pang'anjo, kuzungulira nyumba, kudzatenga nkhafi kuno, n'kubwerera. Dzanja langa lili pamakala."

"Ndinathamanga kwambiri."

"Ndikukhulupirira. Mbuzi yathu ija itagwera m'chitsime munalowamo nokha mpaka m'khosi, n'kuitulutsa mutaikumbatira."

Binwell anakhala pansi n'kugwira nkhope. Constance anamuyang'ana kwa kanthawi. Anafunafuna mkwiyo mumtima mwake koma sanaupeze, munangoti zii ngati m'nyumba yosamukamo anthu. Anamusiya pomwepo n'kupita kugolosale kukapempha foni ya Hadija.

Amalume ake, a Ezekiele, anafika Loweruka cha m'mawa, fumbi lili mbuu m'nsapato. Anali nkhoswe ya ukwatiwo. Asanalandire n'madzi omwe, anamuitana Constance, natenga dzanja lomangidwa bandeji lija m'manja mwawo, kulitembenuza pang'onopang'ono, n'kuliika pabondo pawo. Analisiya pomwepo nthawi yonse ya zokambirana. ANachisale anakhala pamphasa yawoyawo chapatali, Binwell pambali pawo.

"Ife tinakupatsani munthu wa manja awiri," anatero a Ezekiele.

"Ngozi siinunkha, bambo," anayankha aNachisale. "Ifenso zatikhudza. Koma mukanatiuza poyamba paja kuti mwana wanu ali ndi vuto, bwenzi titadziwa pokhalira."

"Mukanadziwa mukanatani? Mukanasema nkhafi yaitali?"

Mayiwo anakhwinyata nkhope.

"Musatinyoze pakhomo pathu. Ine ndinateteza mwana wanga, inunso mukanatero. Maganizo athu ndi akuti mayi a Ati apite kwawo akachire bwinobwino. Akachira tidzakambirana. Mwana atsale kuno, pali ine womusamala."

"Chaona mnzako chapita, mayi, mawa chili pa iwe. Thupi ili silipangana ndi munthu. Tsiku lina mudzagwa ndinu, kaya ndi matenda anji, ndipo mudzafuna dzanja la munthu. Koma ine sindinabwere kudzaphunzitsa akuluakulu. A Binwell, inu mukuti bwanji? Mkaziyu ndi wanu."

Binwell anayankha akuyang'ana pansi.

"Ine mkazi wanga ndimamufuna. Kungoti panopa zinthu zavuta. Mwina akapumeko kaye, monga anenera amayi."

"Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Nanga za mwana?"

"Za mwana," Binwell anayang'ana mayi ake, "mwina atsale kaye."

A Ezekiele anayamba kufotokoza kuti anapiye satsata tambala, koma Constance anachotsa dzanja lake pabondo pawo n'kuimirira. Anayamba kuyenda kudutsa bwalo lija, limene anali asanalidutse chiyambireni nkhaniyi, kulunjika kunyumba ya apongozi ake komwe Atikonda anatsekeredwa kuti asamve za akuluakulu. ANachisale anadzuka mofulumira kuposa mmene msana wawo unkalolera, nathamanga n'kukaima pakhomo atatambasula manja.

"Simulowa muno."

Constance sanaime. Anakwera pakhonde, nayendabe mpaka mpweya wake unafika pankhope ya mayiwo. Kuti amuletse anayenera kumugwira. ANachisale anayang'ana bandeji, anayang'ana milomo yake, ndipo manja aja anatsika. Anapatuka n'kukanirira kukhoma.

Atikonda anali pamphasa akudya chimanga chokazinga. Constance anagwada, namukweza ndi dzanja lamanja, mwanayo n'kumukolowekera miyendo m'chiuno ndi manja m'khosi. Anali atalemera kuposa mmene ankamukumbukira. Ankanunkha utsi ndi sopo wa agogo ake.

"Amama, mwabwera kudzaona mphika wanga?"

"Ndabwera. Utenge, tikupita nawo."

Katundu wake anakwana m'chikwama chimodzi ndi kamtolo. Hadija anabwera ndi paketi ya shuga ndi sopo, namukumbutsa kuti mapiritsi akatha akatenge ena kuchipatala cha ku Magaleta, asadikire kuti agwe kaye. Anamukumbatira pamaso pa anthu onse amene anasonkhana kudzaonerera. ANachisale anakhala pakhonde lawo akulira mwakachetechete, akutchula dzina la mdzukulu wawo, ndipo Constance anawamvera chisoni pang'ono, chifukwa misoziyo inali yeniyeni.

Binwell ananyamula chikwama mpaka kumsewu. Galimoto ya matola itaima, kalole kodzaza anthu ndi madengu a nsomba, anakweza chikwamacho, nakweza mwana, kenako anaima manja ali lendelende pamene a Ezekiele ankamuthandiza Constance kukwera.

"Ndidzabwera kudzakuonani," anatero. "Ndikadzapita kuchipatala kuja kukamva, ndidzabwera."

"Njira mukuidziwa," anatero Constance. "Mukamadzabwera, nkhafi mudzaisiye."

Galimoto inanyamuka. Binwell anatsala chiimire m'fumbi, akucheperachepera, mpaka anabisika ndi milambe. Mkokomo wa Shire unamveka kanthawi kenako unamizidwa ndi injini.

Anthu anali othithikana. A Ezekiele anapeza malo pathumba la chimanga kumbuyo. Atikonda anagona pamiyendo ya mayi ake atafumbata chitini chake. Pafupi ndi Constance panakhala mayi wina wogulitsa nsomba, wosamudziwa, wooneka kuti anadzuka kalekale. Anafunsa za bandejiyo, Constance nati ndi moto, mayiyo nati pepani, moto ulibe chibale. Posakhalitsa anayamba kuwodzera. Mutu wake unagwa kutsogolo, unadzuka, unagwanso, ndipo pamapeto pake unatsamira paphewa la Constance, lakumanzere, mbali ya chilonda. Mayiyo anagona tulo tofa nato, kukamwa kuli yasa, thupi lake lonse lofunda litamutsamira.

Galimoto ikagunda bampu, ululu unkakwera kuchokera kuzala mpaka m'khosi. A Ezekiele anaona, natambasula dzanja kuti amudzutse mayiyo.

"Musiyeni, amalume," anatero Constance chapansipansi. "Musiyeni agone."